Rozi wamfupi wa maluwa a olenji: kudzala ndi kusamala m'dothi la ku Kasungu

Ambiri tikamagula rozi maso amakhala pa duwa, pomwe chimene chimapha rozi kuno ku Kasungu chili pansi pa nthaka. Dothi la madera ambiri m'boma lino ndi la mchenga. Mvula ikagwa m'mawa, pofika madzulo pamwamba pauma kale, ndipo feteleza amene mwathira amatsika ndi madzi n'kupitirira mizu. Ndiye pali chiswe, dzuwa la Okutobala ndi mbuzi zimene m'chilimwe zimayenda popanda mbusa. N'chifukwa chake marozi ambiri amakongola mwezi umodzi wokha atagulidwa, kenako n'kutsala kamtengo kaminga kopanda tsamba. Nyengo yathu payokha ilibe mlandu. Tili pamalo okwera mamita oposa 1,000, usiku kumazizira bwino, ndipo chisanu cha Juni ndi Julayi chimapatsa rozi mpata wopuma. Ntchito yaikulu ili m'dzenje ndi m'madzi.

Rozi amene ndikunena pano si uja woyanga pampanda, komanso si uja wamtali wa duwa limodzi lalikulu amene akwati amanyamula. Uyu ndi wamfupi, wa chitsamba chothithikana, amalekeza m'mawondo kapena kupitirira pang'ono, masentimita 45 mpaka 80, ndipo nthambi imodzi imatulutsa maluwa atatu, asanu kapena kuposa apo. Kunja amamuika m'magulu a floribunda ndi patio. Mwa odziwika muli Trumpeter, wa olenji wopendekera kofiira, amene Sam McGredy anatulutsa ku New Zealand mu 1977, ndi Livin' Easy wa kampani ya Harkness ya ku England, amene amatalikirako. Maina musavutike nawo. Ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu kawirikawiri amangokuuzani kuti "ameneyu ndi wa olenji, mayi," basi.

Pogula

Gulani rozi ali ndi duwa lotseguka, chifukwa olenji wapakamwa nthawi zina amadzatuluka pinki. Mukakhutira ndi mtundu, siyani duwalo muyang'ane tsinde. Wabwino amakhala ndi nthambi zitatu kapena kuposa zochokera pansi, zobiriwira, zopanda makwinya, kunenepa kwake kwa pensulo. Tembenuzani masamba muone ngati kunsi kulibe nsabwe kapena tiulusi ta akangaude. Kenako gwirani tsinde n'kukoka pang'ono. Wamizu amakana, amadzuka ndi chubu chake. Akamasuka m'dothi, dziwani kuti ndi nthambi yongozikidwa dzana ndi duwa lake lomwe, musiyeni.

Onaninso ngati ndi womezanitsa. Womezanitsa amakhala ndi chotupa m'munsi mwa tsinde pamene nthambi zonse zimayambira, ndipo mizu yake ndi ya rozi wina wolimba. Wochokera ku nthambi yozika alibe chotupacho. Onse amachita bwino kuno, kungoti muyenera kudziwa amene muli naye, chifukwa kutsogoloku zidzafunika.

Ngati mwagula ku Lilongwe, ulendo wa pa M1 ndi wa makilomita pafupifupi 130, ndipo mphepo ya kumbuyo kwa lole imawaula masamba kuposa dzuwa. Mukulungeni ndi nyuzipepala kapena thumba, akhale m'kati mwa galimoto. Mukafika, akhale pa mthunzi wa mtengo sabata imodzi mukumuthirira.

Nthawi ndi malo

Rozi wa m'chubu mutha kumudzala mwezi uliwonse bola madzi alipo, koma miyezi siifanana. Kwa amene ali ndi mpopi kapena mjigo pafupi, ine ndimasankha Epulo kapena Meyi. Mvula yatha, nthaka ikadali ndi chinyezi, matenda a masamba akuchepa, ndipo mizu imakhala ndi miyezi ingapo yokhazikika kutentha kusanafike. Amene madzi amatunga kutali adikire mvula ikhazikike mu Disembala, osathamangira chizimalupsa. Okutobala ayi.

Rozi amafuna dzuwa la maola osachepera 6 pa tsiku, ndipo labwino ndi la m'mawa chifukwa limaumitsa mame msanga. Kum'mawa kwa nyumba ndiko koposa konse: dzuwa mpaka masana, kenako chipupa chimamutchinjiriza. Kwa wa olenji izi n'zofunika kwambiri, popeza dzuwa la masana la m'chilimwe limasulutsa mtundu, duwa lotseguka lowala lero n'kukhala lotuwa mkucha. Siyani mpata wa theka la mita kuchokera pachipupa, ndipo musadzale pamene pamagwera madzi a denga. Talikirani mango, bulugamu ndi kesha, chifukwa mizu yake imayenda patali ndipo imapeza dzenje la manyowa rozi asanazike n'komwe. Ngati pamalopo panali tomato kapena fodya wa mizu yotupatupa, sankhani pena. Tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu timakonda dothi la mchenga, ndipo rozi sitimusiya.

Mpanda ukhalepo rozi asanabwere. Mbuzi siopa minga, imadya nsonga zonse zanthete m'mphindi zochepa, ndipo nkhuku zimapalasa manyowa mpaka mizu kuonekera.

Dzenje

Apa ndiye musachite changu. Kumbani dzenje la masentimita 60 m'lifupi, 60 m'litali ndi 60 kuya. Likuoneka lalikulu kwa kamtengo ka m'chubu, inde, koma rozi adzakhala pamenepo zaka zambiri ndipo simudzakhalanso ndi mpata wokonza pansi pa mizu. Dothi lapamwamba, lakuderako, ikani mbali imodzi. Lapansi, lotuwa, ikani mbali ina, ndipo ilo silibwereranso m'dzenje, mudzaligwiritsa ntchito popanga kamlambala kosungira madzi.

Musanabwezeremo kanthu, dzazani dzenjelo ndi madzi madzulo. Pamchenga madzi amatha musanabwerere kunyumba, ndiye mwadziwa kuti nkhondo yanu ndi yosunga chinyezi. Koma ngati muli kufupi ndi dambo, pa makande, ndipo m'mawa mwapeza madzi akadalimo, rozi adzaola mizu mu Febuluwale. Pamalo otere musazike pansi, undani bedi lokwera masentimita 30 mudzale pamwamba pake.

Kwa ife apamchenga, kasakanizidwe kake ndi aka: ndowa ziwiri za dothi lapamwamba, ndowa imodzi ya manyowa owolerana, ndi ndowa imodzi ya dothi la pachulu kapena katondo wophwanyaphwanya. Bwerezani muyeso womwewo mpaka dzenje lidzaze. Dothi la pachulu ndi limene makolo ankamwaza m'minda yowonda, ndipo ntchito yake ndi yomweyi: limagwira madzi ndi chakudya zimene mchenga umataya. Tengani pa chulu chakale, muliyanike padzuwa masiku angapo, mulisinje. Zinyenyeswa za makala zotsalira pansi pa thumba, manja awiri kapena atatu, nazonso zimathandiza kusunga chinyezi.

Manyowa owolerana ndi akuda, ophwanyika m'manja, opanda fungo la khola, ndipo mukapisa dzanja m'mulu simumva kutentha. Ndowe zaziwisi zimawotcha mizu yatsopano. A ng'ombe ndi a mbuzi ndi abwino. A nkhuku ndi amphamvu kwambiri, thirani theka la muyeso. Chimene sichiyenera kulowa m'dzenje ndi zinthu zouma zosaola: mapesi, zitsononkho, makoko a mtedza, timitengo. Ambiri amaponyamo zimenezi poganiza kuti ziwolera momwemo. Kuno siziola msanga, zimangoitana chiswe pafupi ndi mizu.

Phulusa samalani nalo. Rozi amakonda dothi lowawasako pang'ono, la pH 6 mpaka 6.5, ndipo phulusa limachepetsa kuwawasako. Dzanja limodzi pa dzenje lonse lakwana. Mukachulutsa, masamba atsopano amatuluka achikasu, mitsempha yokha ili yobiriwira, chifukwa mizu imalephera kutenga ayironi. Pomaliza sakanizani bokosi limodzi la machesi lodzaza feteleza wa D Compound m'dothi losakanizalo pansi penipeni pa dzenje, dzazani dzenjelo, thirani ndowa ziwiri za madzi, mulisiye sabata ziwiri lititimire.

Kudzala

Dzalani madzulo kapena tsiku la mitambo. Thirirani chubu kaye mpaka madzi atulukire pansi. Kumbani pakati pa dzenje lija kabowo kolingana ndi chubu, ng'ambani pulasitiki ndi lezala, osakoka rozi ndi tsinde. Ngati mizu yazungulira m'mbali, imasuleni pang'ono ndi zala. Womezanitsa, chotupa chake chikhale molingana ndi nthaka, chisakwiririke kwambiri, chisalenjekeke m'mwamba. Wa nthambi yozika akhale mulingo womwe anali m'chubu. Tsinderani ndi manja, pangani kamlambala kozungulira ngati beseni la theka la mita, thirani ndowa yathunthu ya malita 20 pang'onopang'ono.

Tsopano chovuta kuchita: dulani maluwa onse ndi mphundu zake zimene rozi wabwera nazo. N'zowawa, poti ndi zimene munamugulira, koma mtengo umene ukuyesa kuzika mizu sungadyetsenso maluwa. Ngati kukutentha, zikani nthambi zamasamba kumadzulo kwake zimupatse mthunzi masiku anayi kapena asanu.

Rozi wamfupi ali yekha amaoneka wosowa. Ngati thumba likulola, dzalani atatu mokhala ngati mafuwa, mpata wa masentimita 50 mpaka 60 pakati pawo. Akakula amagundana n'kuoneka ngati chitsamba chimodzi chachikulu, koma mphepo imadutsabe.

Madzi

Sabata zitatu zoyamba thirirani malita 5 modumphitsa tsiku limodzi. Akagwira, sinthani: madzi ambiri nthawi imodzi, osati kuwaza pang'ono tsiku ndi tsiku. Kuwaza kumanyowetsa pamwamba pokha, mizu n'kumakwera m'mwamba kumene dzuwa limaipeza. M'nyengo yozizira malita 10 kamodzi kapena kawiri pa sabata akwana. Kuyambira Sepitembala mpaka mvula itagwa, pamchenga, malita 10 katatu pa sabata. M'dzinja musamuiwale. Ng'amba ya mu Januwale kapena Febuluwale kuno siichedwa, ndipo ikadutsa sabata mvula osagwa, tengani kheni. Mukakayika, pisani chala chonse m'dothi. Chikatuluka chouma, thirirani.

Thirani pansi, m'beseni, m'mawa. Masamba akhale ouma, makamaka usiku.

Amene madzi ndi osowa, kwirirani mphika wadothi wosapaka utoto pafupi ndi rozi, kukamwa kokha kukuonekera, muzidzaza n'kuvindikira. Madzi amatuluka okha pang'onopang'ono m'zipupa za mphikawo molunjika ku mizu. Chigubu cha malita 5 chobooledwa ndi msomali pansi chimagwiranso ntchito. Madzi otsukuluzira zovala kapena mbale mutha kuthira mosinthana ndi abwino, koma oyamba aja odzaza sopo wa ufa, kapena a Jik, ayi. Mijigo ina ili ndi madzi amchere. Mudzaona zoyera pamwamba pa dothi ndi masamba opsa m'mphepete. Pamenepo kamodzi pa mwezi thirani ndowa ziwiri nthawi imodzi kuti mchere utsike, ndipo m'dzinja kingani madzi a mvula.

Kuphimbira ndi nkhani ya chiswe

Pa nkhani iyi anthu amagawanika. Ena safuna kuphimbira konse, ati udzu wouma ndi umene umabweretsa chiswe. Sakunama. Koma rozi wosaphimbira pamchenga wa Okutobala amapsa mizu, amafooka, ndipo chiswe chimayamba ndi mtengo wofooka womwewo. Ine ndimaphimbira, koma mwa njira yake. Gwiritsani ntchito udzu wofewa, masamba owolerako kapena kompositi, kukhuthala kwa zala zinayi, ndipo siyani mpata wa chikhatho chimodzi kuzungulira tsinde, pasakhale chokhudza khungwa. Chiswe chikabwera chimadya udzuwo, inu n'kuwonjezera wina. Makoko a mtedza ali mbwee kuno nthawi yokolola, koma ayambe aola pa mulu wa kompositi.

Kamodzi pa sabata yang'anani m'munsi mwa tsinde. Mukaona timisewu ta dothi tikukwera, tiphwanyeni, thirani madzi ambiri, wazani phulusa lochepa mozungulira. Nthambi zouma zisakhale pa mtengo, ndipo mtengo wochirikiza wouma musazike pafupi. Chikakakamira, pitani kwa ogulitsa mankhwala a ulimi mugule a chiswe, muthire m'dothi motsatira muyeso wolembedwa pa botolo.

Chakudya

Rozi amadya kwambiri chifukwa amaphuka mobwerezabwereza, ndipo mchenga susunga. Choncho pang'ono pang'ono, kawirikawiri. Mwayi wathu kuno ndi woti feteleza wa fodya amapezeka paliponse, ndipo D Compound ali ndi potashi amene amalimbitsa nthambi ndi kukometsa mtundu wa duwa. Mukathenera mu Julayi thirani bokosi limodzi la machesi pa rozi mmodzi. Kuchokera apo, mwezi uliwonse mpaka Epulo, muzisinthanitsa: mwezi uno theka la bokosi la CAN, mwezi wamawa bokosi la D Compound. Mu Meyi ndi Juni lekani, apume. Wongodzalidwa kumene adikire sabata 6 asanalandire feteleza wapamwamba.

Yureya ndimamupewa. Amatulutsa nsonga zazitali zofewa zimene nsabwe zimakonda, masamba ambiri maluwa ochepa, ndipo dzanja likalemera pang'ono amawotcha. Feteleza aliyense athiridwe pa dothi lonyowa, mozungulira, chikhatho chimodzi kutali ndi tsinde, kenako madzi pamwamba. Kawiri pa chaka, mu Julayi ndi mu Disembala, yalani theka la ndowa ya manyowa pansi pa zophimbira. Amene alibe ndalama ya feteleza, manyowa okhawo ndi madzi a ndowe zowolerana zoviikidwa m'ndowa amatha kusunga rozi bwinobwino.

Maluwa ofota ndi mphukira

Duwa likafota musalisiye, chifukwa rozi amayamba kupanga mbewu n'kusiya kuphuka. Pa tsango, thyolani lofota limodzilimodzi. Tsango lonse likatha, tsikani ndi nthambiyo mpaka pa tsamba loyamba lokhala ndi timasamba tisanu, mudule pamwamba pake. Pakhwapa pa tsambalo pali diso, ndipo ndi limene litulutse nthambi ya maluwa otsatira pakapita sabata 6 kapena 7. Kudziwa izi kumathandiza mukafuna maluwa pa tsiku lake: wofuna rozi wodzaza pa Khirisimasi adule nsonga zonse pang'ono kumayambiriro kwa Novembala, athire feteleza, athirire mokwanira.

Apa ndi pamene womezanitsa amafuna diso. Nthawi zina pansi pa chotupa, kapena m'dothi penipeni, pamatuluka mphukira yothamanga, ya masamba otuwirako osiyana ndi enawo. Imeneyo ndi ya rozi wa mizu uja. Mukaisiya imalanda chakudya chonse, wa olenji n'kufa, inu n'kumadabwa kuti rozi wasintha mtundu. Fukulani dothi mupeze pamene yayambira, muikhadzule. Kudula pamwamba kumangoichulukitsa. Koma musaisokoneze ndi mphukira yonenepa, yofiirira, yotuluka pa chotupa penipeni kapena pamwamba pake. Iyo ndi nthambi ya chaka chamawa, itetezeni ku mphepo. Kwa rozi wa nthambi yozika, chilichonse chotuluka pansi ndi chake.

Kuthenera

Kamodzi pa chaka, kumapeto kwa Julayi kapena sabata yoyamba ya Ogasiti, chisanu chikamatha. Pezani sizasi yodulira mitengo yakuthwa, muipukute ndi spiriti musanayambe komanso pochoka pa rozi wina kupita pa wina. Chikwanje chimaphwanya nthambi, ndipo bala lophwanyika limauma kutsika pansi.

Yambani ndi zouma zonse, muzidule pansi penipeni. Chotsani zowonda kuposa pensulo, zopingasa zimene zikukhulana, ndi zolowera m'kati, kuti pakati pa chitsamba pakhale potseguka. Mutsale ndi nthambi zinayi mpaka zisanu ndi imodzi zamphamvu. Ngati pali yakale kwambiri, yotuwa khungwa, ndipo pali yatsopano yolowa m'malo mwake, yakaleyo ichoke. Zotsalazo zifupikitseni ndi theka, zitsale masentimita 25 mpaka 30. Dulani mopendeketsa, theka la sentimita pamwamba pa diso loyang'ana kunja. M'kati mwa nthambi yathanzi mumaoneka moyera. Mukaona mwabulauni, tsikani diso lina.

Kenako thotholani masamba onse otsala, sesani pansi, tenthani zinyalalazo. Matenda a chaka chatha amabisala m'menemo. Thirani manyowa ndi feteleza, phimbirani mwatsopano, thirirani ndowa yathunthu. Rozi adzaoneka ngati mwamuwononga ndipo oyandikana nawo adzakufunsani, koma pakatha sabata ziwiri maso amatupa, ndipo maluwa a kumapeto kwa Sepitembala ndi Okutobala ndi amene amakhala ochuluka koposa chaka chonse. Rozi wosakwana chaka musamuthenere chonchi, mungomuchotsa zouma ndi kudula nsonga.

Matenda ndi tizilombo

Mdani wamkulu m'dzinja ndi nthenda ya madontho akuda. Imayamba pa masamba a pansi: dontho lakuda, chikasu kuzungulira, tsamba n'kugwa, mpaka rozi kutsala nthambi zokha mu Malichi. Marozi a olenji ndi achikasu ambiri anatengera kufooka kumeneku ku mtundu. Chikasu chowala chinalowa m'marozi amakono kudzera mwa rozi wakutchire wotchedwa Rosa foetida, amene Joseph Pernet-Ducher wa ku Lyon ku France anagwiritsa ntchito potulutsa Soleil d'Or mu 1900, ndipo rozi wakutchireyo amagwidwa msanga ndi nthendayi. Ndiye wa olenji wanu akadwala msanga kuposa wofiira wa anzanu, si kuti mwalephera.

Nthendayi imamera tsamba likakhala lonyowa maola pafupifupi 7, ndipo imafala ndi madontho a mvula odumpha kuchokera pansi. Apa ndi pamene dzuwa la m'mawa, mpata pakati pa marozi ndi zophimbira zimabweza ngongole. Tolani masamba odwala, a pamtengo ndi ogwa omwe, muwatenthe. Dithane yemwe timapopera tomato amagwira ntchito, koma amateteza tsamba lathanzi, sachiza lodwala kale. Yambani mvula ikangokhazikika, muzibwereza pa sabata ziwiri zilizonse ndiponso mvula yamphamvu ikagwa. Muyeso ndi wa pa paketi, valani zoteteza manja ndi kukamwa, ndipo mankhwala asasungidwe m'botolo la zakumwa.

M'miyezi ya usana wofunda usiku wozizira kumabwera ufa woyera pa nsonga ndi pa mphundu, masamba n'kupindika. Umakonda rozi wa ludzu ndi wa pakona yopanda mphepo. Dulani nsonga zogwidwa kwambiri, thirirani mokwanira, poperani supuni yaing'ono imodzi ya soda uja wophikira therere mu lita imodzi ya madzi, ndi kadontho ka sopo, m'mawa dzuwa lisanawawe.

Nsabwe zobiriwira zimadzaza pa nsonga zanthete mukangothenera. Zikakhala zochepa, zipuleni ndi zala. Zikachuluka, madzi a sopo wa mtanda kapena a masamba a nimu osinja n'kuviika usiku wonse amakwana. Ena amaviika fodya m'madzi, poti kuno fodya sasowa. Amaphadi, koma madzi amenewo ndi poizoni kwa opopera, kwa ana ndi kwa njuchi, ndipo pa nsabwe palibe chifukwa chofikira pamenepo.

Kukatentha ndi kuuma, masamba akamatuwa ngati awazidwa fumbi ndipo kunsi kuli tiulusi, ameneyo ndi kangaude wofiira yemwe alimi a tomato amamudziwa. Sakonda chinyezi. Apa pokha lamulo losanyowetsa masamba limamasuka: m'mawa thirani madzi mwamphamvu kunsi kwa masamba masiku angapo otsatizana. M'dzinja kumabweranso dzodzwe, wakuda wa mizere yachikasu kapena yofiira, amene amadya duwa lenilenilo. Musamugwire ndi dzanja, madzi ake amatulutsa matuza pakhungu. Mugwedezereni m'chitini cha madzi a sopo m'mawa akadali waulesi.

Wa m'ndowa ndi kuchulukitsa

Okhala m'nyumba za lendi atha kudzala rozi uyu m'ndowa ya malita 20 yobooledwa pansi mabowo asanu kapena kuposa, ndi dothi losakaniza monga la m'dzenje lija. Amafuna madzi pafupifupi tsiku lililonse m'chilimwe ndi theka la muyeso wa feteleza. Ndowa yakuda imatenthetsa mizu, ikulungeni ndi chiguduli kapena muipake laimu.

Nthambi zimene mwadula pothenera musataye zonse. Sankhani zathanzi za chaka chomwecho, zonenepa bwino, muzidule masentimita 15 mpaka 20, chilichonse chikhale ndi maso anayi. Pansi dulani mowongoka m'munsi mwa diso, pamwamba mopendeketsa kuti musaiwale mutu. Chotsani masamba onse kupatula awiri apamwamba ngati alipo. Dzazani machubu ndi mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi dothi lochepa, popanda manyowa kapena feteleza, zikani maso awiri pansi awiri kunja, tsinderani, thirirani. Vindikirani chilichonse ndi botolo la pulasitiki lodula pansi, chitsekero chochotsa, muike pa mthunzi wowala, monga pansi pa shedi ya nazale. Mchenga ukhale wonyowa koma osati chithaphwi.

Zikani zambiri, khumi kapena kuposa, chifukwa sizigwira zonse. Masamba atsopano akatuluka msanga musasangalale kaye, nthambi imatha kuphuka ndi chakudya chake ilibe muzu ndi umodzi womwe. Dikirani sabata 6 mpaka 8 osakoka, mpaka mizu yoyera ioneke pa mabowo a chubu. Pamenepo chotsani botolo, muzizoloweretsa dzuwa pang'onopang'ono, ndipo mphundu yoyamba ikatuluka muitsine. Zozikidwa mu Julayi zimakhala zokonzeka kupita m'dzenje mvula ikakhazikika mu Disembala.